Wayilesi Imene Inkamva Mphenzi Ili Kutali

Nyumba ya azakhali anga a Alesi ndi yomalizira pa mzere wa kumunsi kwa komboni, pafupi ndi mpope. Ndikatsika minibasi pa msewu wa ku Makwasa n'kuyamba kutsetsereka m'minda ya tiyi, maso anga amathamangira pa chitseko chawo chobiriwira. Ndikaona kuti n'chotsegula, zitenje zili pa chingwe, mtima umakhala pansi. Dzinja lathali kunangotsala pang'ono kuti chitseko chimenecho chikhomedwe loko wa kampani, eni ake atathamangitsidwa ndi dzina la ufiti. Ndipo mlandu wonsewo unali wa kawayilesi kakale, kosweka pakona, komangidwa ndi lekeni.

Azakhali anabadwira pa komboni pomwepo. Makolo awo anachokera ku Mozambique, kuseri kwa phiri la Mulanje, kudzatchola tiyi, ndipo sanabwererenso. Mwana wa pa esiteti alibe mudzi. Anzawo akakalamba amamanga katundu n'kupita kwawo ku Thekerani kapena kwa Nchilamwela, koma azakhali mukawafunsa kwawo amaloza pansi pomwe aima. Bambo anga, omwe anali mlongo wawo, atamwalira, anandilera ndi iwo m'nyumba yomweyo. Ine ndine Jean. Lero ndimaphunzitsa Fizikisi pa sekondale ina yoyendera, koma pa komboni ndikadali kamwana ka kwa a Alesi kaja.

Ndi mayi wamfupi, wa mapazi otambalala, zala zakuda ndi utomoni wa masamba. Pakamwa pawo sipachedwa. Ndi a Seveni enieni, a Dorika, moti tiyi amene atchola moyo wawo wonse sanamulawepo ngakhale kamodzi. Ndikawaseka amati iwo amatcholera azungu ndi anthu osamva, ndipo ine amandiika m'gulu lachiwirili.

Amuna awo, malemu a Yesaya, ankagwira ntchito pa ng'anjo youmitsira tiyi ku fakitale. Anali munthu wosalankhulalankhula, poti m'nyumbamo mawu a azakhali ankakwanira anthu awiri. Chimene ankakonda ndi siteshoni ina ya ku Mozambique yolankhula Chilomwe, imene inkamveka mbali ya MW, mbali imene ana a masiku ano saidziwa n'komwe. Kabatani kosinthira kanadzathyokera komweko, wayilesiyo n'kukhala ya siteshoni imodzi basi. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo kabokosi kaja kanatsatira malangizowo. A Yesaya atamwalira, azakhali sanalire kwambiri pa anthu. Anangoyamba kumanga wayilesiyo m'chitenje pachifuwa, mkati mwa pulasitiki amene otchola tiyi amavala, n'kumapita nayo kumunda. Ankati nyimbo zake zimafupikitsa mzere. Tonse tinkadziwa kuti akuyenda ndi amuna awo, koma panalibe wonena.

M'mundamo ndi mmene anatulukira kanthu kena. Nthawi ya dzinja, nyimbo ili mkati, wayilesi inkayamba kuthetheka ngati chimanga pa chiwaya. Kunja kuli ngwee, dzuwa likuswa mtengo, iyo thethethe. Kukatero, pasanapite nthawi mitambo inkatulukira cha ku Mulanje, kenako mabingu. Kuthetheka kukakhala kwapatalipatali, kwa mawu otsika, ndiye kuti mvula ya mphenzi ikadali kutali, mwinanso ilowera kwina. Kukathinana mpaka kumiza woimba, ndiye kuti yayandikira. Azakhali ankangoti a Yesaya ayamba kukazinga, ndipo amayi a m'gulu lawo ankadziwa kuti ndi nthawi yofulumiza manja n'kukayezetsa masamba pa sikelo.

Kwa zaka zambiri komboni yonse inadyerera khutu limeneli. Wofuna kuyanika ufa ankayamba wadzera kwa azakhali. Lachisanu, tsiku lochapa zovala za Sabata, ankafunsidwa ngati a zanyengo. Nthawi zina ankaphonya, mvula n'kugwa yopanda mphenzi wayilesi ili phee, ufa wa anthu n'kunyowa. Pamenepo ankayankha kuti a Yesaya sanalembedwe ntchito ya mvula zonse, anthu n'kuseka. Inde, alipo ankanena kuti wayilesi siyatsidwa kukamachita mabingu chifukwa imakoka mphenzi, monga mmene amanenera za malaya ofiira, koma zinkathera pa kunena. Omwewo mawa lake ankabwera ndi lichero pamutu kudzafunsa.

Tsiku la tsokalo gulu lawo linali m'munda wa pamtunda, umene m'mphepete mwake muli mzere wa mabulugamu. Kunali kotentha, kumwamba kopanda banga kupatula kamtambo kakuda kuseri kwa chitunda. Wayilesi inayamba kuthetheka mwaukali kuposa mmene azakhali anaimverapo. Anauza a Dixon, kapitawo wawo, kuti anthu atsike. A Dixon si munthu woipa, koma anayang'ana kumwamba, anayang'ana mizere yotsala, n'kunena kuti amalize kaye. Madontho oyamba atagwa, mphepo itatembenuka, anthu anabalalika. Teleza, mtsikana wongokwatiwa kumene, anathamangira pansi pa bulugamu wamkulu wa pakona ndi dengu lake kumsana.

"Teleza, choka pamtengopo!" anakuwa azakhali.

Mphenzi inamenya mtengo womwewo. Makungwa anawazika mpaka m'mizere ya tiyi, Teleza n'kugwa chafufumimba. Anamutengera ku chipatala cha ku Makwasa pa thirakitala ya masamba asakudziwa kanthu.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali m'kamwam'kamwa. Anadziwa bwanji dzuwa likuwala? Mitengo inalipo yambiri, n'chifukwa chiyani anatchula womwewo? Anthu analipo ambiri, n'chifukwa chiyani anaitana Teleza? Wina anakumbukira kuti awiriwa anali atakangana pa mpope chifukwa cha ndowa yodumpha mzere, ndipo azakhali, ndi pakamwa pawo paja, anati udzaona. Mawu amenewo amauza aliyense, ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba. Ofatsa ankati wayilesi ndi imene inakoka mphenzi. Olimba mtima ankati m'wayilesimo muli a Yesaya, ndipo mkazi wawo amawatuma. Kodi sankanena okha kuti a Yesaya akukazinga?

Amayi omwe aja oyanika ufa anasiya kuyankha moni. Azakhali akafika pa mpope, mzere unkasungunuka. Mvula ikakuona litsiro siikata: m'mawa wina anapeza mwala waswa zenera. Douglas, mwamuna wa Teleza, amene amachita kabaza wa njinga yamoto, analumbira pa anthu kuti mkazi wake akapanda kudzuka, nyumba yomalizira ija idzayaka. Pofuna kuziziritsa zinthu, a Dixon, omwenso ndi wapampando wa komiti ya komboni, anaitanitsa msonkhano Lamulungu pa shedi yoyezera tiyi. Aliyense ankadziwa mathero ake. Komiti ikapempha ku ofesi kuti nyumbayo ilandidwe kuti pakhale mtendere, ndipo mayi wokalamba adzatuluka ndi mtolo pamutu wopanda kolowera.

Ine ananditsina khutu ndi mayi Eunice, mnzawo wa ku Dorika, okhawo amene ankalowabe m'nyumbamo. Ndinafika Lachisanu masana ndikulavula moto. Ndinatchula polisi, ndinatchula lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndinatchula mayina a onse amene ufa wawo unapulumukapo. Azakhali anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anati polisi sigona pa komboni. Ndinati ndiye tiyeni mukakhale kwanga. Anati dzina la ufiti silitsala pakhomo ngati mphasa yakutha, limakafika komwe ukupita iwe usanatsike galimoto, ndipo likandidetsera ntchito. Anali ataonda. Wayilesi inali pa shelefu, mabatire atachotsamo, ataiphimba ndi kansalu.

Tinakhala pakhonde tikusadzula nkhwani. Pamenepo anafunsa funso limene sindinaliyembekezere, osandiyang'ana.

"Jean, iwe unaphunzira zimenezi. Zotuma a Yesaya ndi zamisala, ndikudziwa. Koma undiuze zoona, usandinyengerere. Kodi wayilesiyi ndi imene inakokera mphenzi pa mwana uja? Ndinali naye pafupi, ndipo inali yoyatsa."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, chisoni n'kundigwira. Masiku onsewo mayiyu sankaopa Douglas kapena komiti. Ankadziweruza yekha m'nyumba, ndipo anali atatsala pang'ono kuvomera mlandu.

Ndinayesetsa kunena m'Chichewa zimene ndimanena m'Chingerezi pa bolodi. M'zinthu zonse muli tinjere ting'onoting'ono ta magetsi, timene m'kalasi timati chaji. Kanjere kalikonse kamafalitsa mphamvu yake mozungulira, ndipo mlingo wa mphamvuyo pa malo alionse mabuku amautcha potenshiyo. Kanjere kakangokhala, kapena kakamayenda ulendo umodzi osasintha liwiro, chikoka chake chimakhala chomatirira kwa iko, ndipo chimazilala msanga: ukatalikira kawiri, chimachepa kanayi. Ukafika patali ndithu palibenso choti n'kumva. Koma kanjere kakadzidzimuka, kakathamanga mwadzidzidzi kapena kuima mwadzidzidzi, potenshiyo ija imagwedezeka, ndipo kugwedezekako kumachoka n'kuyamba ulendo wakewake ngati funde. Fundeli ndi lakhama. Ukatalikira kawiri limangochepa kawiri basi. N'chifukwa chake kutali kwambiri chikoka chimakhala chitafa kale, chotsala ndi funde lokha. Mphenzi ndi tinjere tosawerengeka todzidzimuka nthawi imodzi, ndiye funde lake limadutsa zitunda n'kudzagunda kachitsulo ka m'wayilesi, iyo n'kuthetheka.

Azakhali anati zonsezo azimva, ndipo sukulu yanga sinapite pachabe, koma funso lawo sindinayankhe. Ankanena zoona.

Ndiye ndinawakumbutsa za anthu odula mabulugamu tsidya la dambo. Umaona nkhwangwa itadzuka kale m'mwamba, pamenepo ndi pamene kugunda kwake kumafika m'khutu. Chimene wamva si chimene munthuyo akuchita tsopano, ndi chimene anachita kale. Funde la magetsi nalonso silifika nthawi yomweyo. Limathamanga liwiro la kuwala, kuchedwa kwake n'kochepa kuposa kuphethira kwa diso, koma kulipo. Choncho chimene chimafika kwa munthu wa kutali chimanena pamene kanjere kanali ndi mmene kankathamangira nthawi imene fundelo linkanyamuka, osati pamene kali tsopano. Wayilesi ikathetheka, mphenzi imeneyo yang'anima kale kwinakwake, yatha. Tsiku lija inkawauza za mphenzi za ku Mulanje, kenako za kuseri kwa chitunda, ndipo iwo ndi nzeru zawo anaona kuti zikuyandikira. Khutu silidula mtengo. Ndipo mphenzi yotsika kumitambo imathamangira chachitali. Kabokosi ka m'chitenje siikaona n'komwe, imaona bulugamu.

Azakhali anasiya kusadzula, tsamba la nkhwani lili m'manja.

"Ndiye kuti ine ndimamva zakale," anatero.

"Zakale zokhazokha, azakhali."

"Ngati mmene ndimamvera ankolo ako."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kenako anandikalipira kuti ndikusadzula ngati mlendo. Madzulo amenewo anadya, ndipo mayi Eunice anandiuza kuti aka kanali koyamba kuwaona akumaliza mbale chichitikireni ngoziyo. Pa Sabata tinapita ku tchalitchi atatu, tinakhala benchi yathuyathu ngati alendo olemekezeka, poti panalibe wofuna kutikhudza. Potuluka tinamva kuti Teleza watsegula maso. Ndinapumira m'mwamba, koma ndinadziwa kuti zachotsa moto wa Douglas wokha, msonkhano ukadalipo.

Lamulungu shedi inadzaza, mpaka anthu a makomboni ena anabwera, poti mlandu wa ufiti susowa omvera. Azakhali anawakhazika pakati, pa dengu lovundikira. Wayilesi anaiika pa tebulo la sikelo, ndipo pozungulira tebulolo panali mpata woti ng'ombe n'kudutsa. Douglas anafika pa njinga yake kuchokera ku chipatala, n'kuiimika pambali pa shedi. Anati mkazi wake wadzuka, inde, koma khutu limodzi silikumva, ndipo kudzuka kwake sikufafaniza mlandu. Ndinkafuna kumuda mnyamatayu, koma zinandikanika. Tinaphunzira limodzi ku pulayimale, ndipo maso ake ankaonetsa kuti wakhala akugona pakhonde la chipatala.

Nthawi yanga itafika ndinaimirira ngati ndili kutsogolo kwa Fomu 3. Ndinanena za tinjere, za potenshiyo, za funde losatopa msanga. Ana a m'kalasi mwanga amagona ndi nkhani imeneyi mayeso ali pamphuno, nanga anthu amene abwera ndi njala ya mlandu? Wina anayasamula mokweza. Wina kumbuyo anati mwana sangaone ufiti wa mayi ake. Ndinali nditabweretsa batire ndi kawaya kuti ndipange tinthethe ta moto aone okha. Ndinabwezera mabatire m'wayilesi n'kuiyatsa, anthu n'kusunthira m'mbuyo. Ndinakanda kawaya kanga, wayilesi inathetheka pang'ono, koma phokoso la anthu linamiza zonse, ndipo amene anamva anati ndachita ndi dzanja chifukwa ndinali pafupi. Ndinaona nyumba ija ikupita ndili chiimire ndi kawaya m'manja.

Douglas anadzuka n'kunena kuti iye sanabwere kudzaonera zidole, ndipo ngati komiti ikuopa, iye akudziwa chochita. Anapita pa njinga yake, anaponda kamodzi, kawiri, injini n'kulira.

Wayilesi pa tebulo inayamba kuthetheka.

Woyamba kumva anali mayi Eunice. Anakweza dzanja n'kunena kuti anthu atonthole, ikukazinga. Ambiri anasuzumira kumwamba, koma kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Douglas, osadziwa kanthu, anapotokola dzanja kuwonjezera moto, kuthetheka nako n'kufulumira, mwendo umodzi ndi injini. Ananyamuka. Kuthetheka kunachepa, koma sikunathe. Anadutsa mzere woyamba wa nyumba, wayilesi ikumusimbabe chapansipansi. M'shedimo munali zii, anthu atatchera khutu kwa kabokosi komwe ankakathawa. A Dixon anatulutsa wezulo yawo ya kumunda n'kuiliza, n'kukodola Douglas kuti abwerere. Mmene ankayandikira, kuthetheka kunkakula.

Apa sindinabwerezenso kulakwa kophunzitsa. Ndinangofunsa Douglas chimene amachita njinga ikakana kulira. Anayankha monyinyirika kuti amamasula pulagi n'kuigunditsa pa injini kuti aone ngati ikutulutsa moto. Ndinati kamoto kameneko ndi kamphenzi kakang'ono, ndipo njinga yake imatulutsa kamodzi nthawi iliyonse injini ikagunda. A Dixon anamuuza azimitse. Wayilesi inangotsala ndi nyimbo. Anamuuza alize. Inathetheka. Anabwereza mpaka amene anali kumbuyo anakankhana kudzafika pa tebulo.

Koma munthu wokayika ali ndi khomo lakuseri. Bambo wina anati chabwino, imamva njinga, koma chimene chimamva chingathenso kuitana. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiyambirenso za funde lochoka uko kubwera kuno, mwamwayi mayi Eunice ananditsogolera.

"Douglas, zimitsa, uchotse kiyi, uime uko. A Alesi, nayi wayilesi yanu. Iitaneni njingayo ilire."

Azakhali anadzuka pa dengu paja pang'onopang'ono. Anatenga wayilesi, anakweza mawu mpaka pothera, anapita nayo pafupi ndi njinga, n'kuilozetsa ku injini. Anaigwedeza. Anaizungulira njingayo mbali zonse. Kenako anaweramira kabokosiko n'kunena mwaulemu wonse wa mkazi wa pabanja, "A Yesaya, anthu akudikira. Talizani njinga ya mwanayu."

Njinga inangoti duu pa mwendo wake. Nkhuku ina inadutsa pansi pake ikutola zakezake. Mayi wina anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa, koma zinali zitatayika kale. Shedi yonse inaseka, kuseka kwa anthu ogwidwa ndi manyazi, koyang'ana pansi. Ine, ndi chimwemwe, ndinakhala pa tebulo la sikelo.

Douglas yekha sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kufunsa ndi mawu otsika.

"Nanga n'chifukwa chiyani munatchula dzina lake?"

"Chifukwa pansi pa mtengopo panali iye yekha, mwanangu. Ukanakhala iwe, ndikanatchula lako."

Anakhala pansi pa dothi pomwepo, n'kubisa nkhope m'chipewa. Panalibe amene anamuseka. A Dixon, amene tsiku lonse anali ngati munthu wosenza mwala, anatseka msonkhano ndi mawu ochepa. Anati a Alesi anawauza nthawi ilipo kuti anthu atsike, iwo n'kuchedwa, ndipo ngati pali wofunika kufunsidwa ndi iwowo. Ku ofesi sikupita pempho lililonse.

Ndisaname kuti zonse zinatha mwaukhondo. Woponya mwala sanadziwike mpaka lero, ndipo pa zenera pakadali katoni. Alipo awiri atatu amene amalambalalabe nyumbayo, ndipo ndikakumana nawo moni wanga amakhala wouma. Ambiri anayambiranso kupereka moni ngati palibe chinachitika, ena n'kumabweretsa nthochi popanda chifukwa. Azakhali ankalandira, poti nthochi sizinalakwe. Koma pofika kunyumba tsiku la msonkhanolo anachotsanso mabatire, wayilesi n'kubwerera pa shelefu. Anati mlandu apambana, koma zoti azichenjeza anthu zakwana, aliyense aziyang'ana yekha kumwamba. Kumunda ankapita chimanjamanja, mzere n'kumatalika. Ufa wa pa komboni unanyowa kangapo mwezi umenewo, ndipo kunena zoona ine sizinandipweteke. Chinkandipweteka ndi m'nyumba mopanda nyimbo za a Yesaya.

Teleza anatuluka m'chipatala mvula ili pafupi kutha. Ine ndinali pa tchuthi kwa azakhali. M'mawa wina tikusesa pabwalo tinamuona akubwera, akuyenda mosamala ngati munthu wonyamula madzi odzaza, lichero la ufa lili pamutu. Pakhosi pake pankaoneka chipsera chofiirira chotsikira kumsana. Amayi a pa mpope anasiya kutunga n'kumayang'ana. Anafika, anagwada, anapereka moni atapendeketsa mutu kuti khutu labwino likhale kutsogolo. Anati wakhala akufuna kunena kanthu kamodzi. Tsiku lija anamva kukuwa kwa azakhali, ndipo anali atachoka kale pa thunthu la mtengo, akuthamangira kwa iwo, pamene kunang'anima. Ku chipatala anamuuza kuti akanakhala chitsamire pa mtengopo, sakanamubweretsa ku wodi.

Kenako anamasula pakona ya chitenje, anatulutsa mabatire awiri atsopano, n'kuwaika pakhonde.

"Amayi, ndiyanike?"

Azakhali anayang'ana mabatirewo nthawi yaitali. Anati ndi amtundu wosachedwa kutha, ndipo Douglas akanafunsa kaye asanagule. Koma anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka ndi wayilesi, anapukuta fumbi ndi kansalu kaja, anamasula lekeni, anaikamo mabatire. Nyimbo ya Chilomwe inatuluka yoyera, yopanda kuthetheka ngakhale kumodzi. Anaigwira pa khutu atatsinzina, kenako anaweramira ku khutu labwino la Teleza.

"Yanika, mwanangu. Kuli zii mpaka ku Mulanje. Koma ukadzamva ndikukuwa, uzithamanga ngati tsiku lija."

Nyumba ya Teleza ili kumtunda kwa komboni, ndipo pabwalo pake pamafika dzuwa bwino kuposa kumunsi kuno. Koma anabwereka mphasa ya azakhali, anaiyala pakhomo pawo pomwepo, anthu a pa mpope akuona, n'kuyamba kuyanika ufa wake.